Edgar Codd: woyendetsa ndege yemwe adaphunzitsa makompyuta kusunga kaundula

M'foni yomwe mwagwirayo muli ntchito ya munthu yemwe mwina simudamumvepo. Mauthenga anu a pa WhatsApp, manambala a anzanu, ngakhale mndandanda wa omwe adakuimbirani dzulo inu osayankha, zonsezi foni imazisunga m'kapulogalamu kotchedwa SQLite, komwe kali mu Android ndi iPhone iliyonse. Kapulogalamuka kamatsata nzeru zomwe adalemba m'chaka cha 1970 Mngelezi wina wa masamu, Edgar Frank Codd, yemwe anzake ankangomutcha kuti Ted.

Mkuluyu adamwalira mu 2003, Facebook isadabadwe. Koma funso lomwe adalimbana nalo moyo wake wonse ndi lomwelo lomwe limasowetsa tulo mlimi wa fodya ku Kasungu nyengo ya msika. Belo likafika pa Chinkhoma, ndani akutsimikizira kuti ndi la uje, lalemera makilogalamu akuti, lagulidwa pa mtengo wakuti, ndipo ngongole ya fetereza adula kamodzi osati kawiri? Yankho lili m'kaundula. Kaundula akasokonekera, thukuta la miyezi isanu ndi inayi, kuyambira ku nazale mpaka pa jeke, likhoza kugwera m'thumba la munthu wina.

Kaundula wa m'kompyuta ndi yemwe a luso lamakono amamutcha database. Lero achinyamata omwe akuphunzira kulemba mapulogalamu amakangana m'magulu kuti yabwino ndi iti pakati pa database za matebulo, zomwe amati relational, ndi zinazo zomwe amangoti NoSQL. Mkanganowu ngwakale kuposa onse omwe akukanganawo, ndipo kuti tiumvetse tiyambe ndi mwini wake.

Mwana wa pachilumba

Codd adabadwa pa 19 Ogasiti 1923 ku Fortuneswell, pa chilumba cha Portland kummwera kwa England. Adali chitsirizira m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo ake ankachita ntchito ya zikopa, mayi ake adali mphunzitsi. Atamaliza sukulu ku Poole adapita ku Exeter College ya pa yunivesite ya Oxford kukachita masamu ndi chemistry, koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idamudula panjira. Adalowa gulu la asilikali a m'ndege la Royal Air Force ndipo ankayendetsa ndege zikuluzikulu zotera pamadzi zotchedwa Sunderland, zomwe zinkalondera nyanja kusaka sitima za adani zoyenda pansi pa madzi. Azigogo a ku Mangochi akhoza kukumbukira abale ake a ndege zimenezi, chifukwa cha m'ma 1949 ndi 1950 ndege zonyamula anthu za kampani yomweyo zinkatera pa nyanja yathu ku Cape Maclear.

Nkhondo itatha adabwerera ku Oxford kukamaliza maphunziro, ndipo mu 1948 adawoloka nyanja kupita ku America. Posakhalitsa adalowa ntchito ku kampani ya IBM mumzinda wa New York, komwe ankalemba malangizo a chimakina chowerengera chotchedwa SSEC. Chimakinachi chidali ndi machubu a galasi oposa 12,000, chodzaza chipinda, ndipo adachiika poti anthu odutsa mumsewu azichiona pawindo. Foni yanu yotsika mtengoyo ikuchiposa kutalitali.

Mu 1953, chaka chomwe kuno azungu adatimangirira mu chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ku America kudali msaki wina wa mfiti za ndale, Senator Joseph McCarthy, yemwe ankaloza zala anthu kuti ndi achikomyunizimu, ambiri n'kuchotsedwa ntchito popanda umboni. Codd zidamunyansa. Adalongedza n'kusamukira ku Ottawa m'dziko la Canada, ndipo adabwerera ku IBM ya ku America mu 1957. Khalidwe limeneli, losagonjera chinthu chomwe akuona kuti n'cholakwika ngakhale chimuvutitse, lidamutsata mpaka kumanda.

Ali ndi zaka pafupifupi 40 adabwereranso m'kalasi, ku yunivesite ya Michigan, komwe adatenga digiri ya PhD mu 1965. Kafukufuku wake adali pa funso lomwe katswiri wa masamu John von Neumann adasiya: kodi makina angathe kudzibereka okha? Von Neumann adaonetsa papepala kuti n'zotheka ndi timabokosi tomwe kalikonse kamatha kukhala m'mikhalidwe 29. Codd adaonetsa kuti mikhalidwe 8 yokha njokwana. Apa mpomwe tikumuona munthuyu bwinobwino. Akapeza chinthu chopiringizika, ankafuna kudziwa kuti chochepetsetsa chomwe chikufunikadi n'chiyani.

Kaundula wonga mtengo

Pomwe Codd ankasamukira ku malo a kafukufuku a IBM ku San Jose, m'chigawo cha California, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, makampani akuluakulu adali atayamba kale kusunga zolembedwa zawo m'makompyuta. IBM idali ndi database yake yotchedwa IMS, yomwe idapangidwa pofuna kulondoloza zipangizo zankhaninkhani za chombo cha Apollo chopita kumwezi. IMS inkasunga zinthu ngati mtengo: thunthu, nthambi, timphukira. Ku kampani ya General Electric, katswiri wina, Charles Bachman, adali atapanga ina yonga ukonde, momwe cholembedwa chilichonse chimaloza chinzake.

Tiyerekeze ndi zakwathu. M'zaka zomwezo za m'ma 1970, maesiteti a fodya ankafalikira m'zigwa za Kasungu, ndipo matenanti ambiri ankachokera kummwera, ku Mulanje ndi ku Thyolo. Mukati mulembe kaundula wa mtundu wa mtengo, thunthu likhala esiteti, nthambi akhala matenanti, timphukira akhala mabelo ndi chimanga chomwe tenanti adakongola. Mukafunsa kuti tenanti wakuti wa pa esiteti yakuti wadinda mabelo angati, yankho libwera msangamsanga, chifukwa mwangotsata nthambi imodzi. Koma funsani kuti m'boma lonse ndi matenanti angati ochokera ku Thyolo omwe ali ndi ngongole. Mukwera mtengo uliwonse, nthambi ndi nthambi. Nanga tenanti akachoka pa esiteti iyi n'kukalembedwa pa ina chaka chamawa? Mbiri yake yatsalira pa mtengo wakale, ndipo pa watsopanowo akuoneka ngati wabadwa lero.

Vuto lina lidali lakuti wolemba pulogalamu ankayenera kudziwa njira yeniyeni yomwe zinthu zagonera m'makina, ngati munthu wodziwa tinjira ta m'dambo. Akatswiri akasintha kasungidwe pang'ono pokha, mapulogalamu onse ankathyoka, anthu n'kuyambiranso. Funso latsopano lochokera kwa bwana linkatanthauza masabata a ntchito. Codd adaona kuti apa anthu akutumikira makina m'malo moti makina atumikire anthu.

Pepala la mu Juni 1970

Mu 1969 adalemba lipoti la m'kati mwa IBM, ndipo mu Juni 1970 adasindikiza pepala la masamba 11 m'magazini ya akatswiri yotchedwa Communications of the ACM. Ganizo lake lidali losavuta kulimva moti ena adaliyesa masewera. Zonse zisungidwe m'matebulo a mizere ndi madanga. Pasakhale chingwe chobisika cholumikiza cholembedwa ichi ndi icho. Matebulo azikumana kudzera m'zomwe zalembedwa m'menemo basi. Wofunsa angonena chomwe akufuna, ndipo njira yokachipezera ikhale mutu wa kompyuta. Mawu oti relational adachokera ku masamu, komwe tebulo lotere limatchedwa relation.

Tibwerere ku kalabu ya alimi. Chiyambireni 1990, pomwe boma lidalola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale yemwe kale adali wa maesiteti okha, makalabu adachuluka ndipo makaundula adakula. Mwa njira ya Codd, mulemba matebulo atatu. Loyamba ndi la alimi: nambala, dzina, mudzi, akaunti ya kubanki. Lachiwiri ndi la mabelo: nambala ya belo, nambala ya mlimi, kulemera, giredi, mtengo. Lachitatu ndi la ngongole: nambala ya mlimi, zomwe adatenga, ndalama zake. Chomwe chikumanga atatuwa ndi nambala ya mlimi ija, yomwe akatswiri amaitcha kiyi.

N'chifukwa chiyani nambala osati dzina? Aliyense wa ku Kasungu akudziwa yankho. Itanani a Phiri pa msika wa Chamama kapena Santhe muone anthu omwe acheuke. A Banda ndi a Mwale nawo ndi mudzi wathunthu. Dzina limafanana, limalembedwa mosiyanasiyana, mwinanso limasintha. Kiyi ndi ya munthu mmodzi ndipo sisintha.

Lamulo lina lomwe Codd adaumirira ndi lakuti mfundo iliyonse ilembedwe pamalo amodzi. Tiyerekeze kuti kalaliki waulesi amalemba akaunti ya mlimi pa mzere wa belo lililonse. Mlimi uja wasintha banki, kalaliki wakonza mizere isanu n'kuiwala itatu. Kaundula tsopano akudzitsutsa yekha, ndipo ndalama za mabelo atatu zipita ku akaunti yotsekedwa. Akaunti ikalembedwa kamodzi, m'tebulo la alimi, mukonza pamodzi ndipo nkhani yatha. Luso losanja matebulo motere limatchedwa normalisation, ndipo masitepe ake oyamba adawakonza ndi Codd yemweyu. Ophunzira a kompyuta ku MUBAS, MUST, Mzuni ndi Chancellor amatuluka nalo thukuta pa mayeso mpaka pano.

Phindu lalikulu ndi ili: mafunso omwe simudawaganizire pomanga kaundula akhoza kuyankhidwa mawa. Ndi alimi angati aakazi omwe adagulitsa mabelo oposa khumi koma sadatsale ndi kanthu atadulidwa ngongole? Mungolumikiza matebulo atatuwo pa kiyi, yankho latuluka. Funso lotere likhoza kusintha mmene kalabu imakambira ndi kampani yogula fodya.

Kulimbana ndi abwana ake

Mungaganize kuti IBM idamuvinira. Ayi ndithu. IMS inkabweretsa ndalama zambiri, ndiye ndani angaphe ng'ombe yamkaka chifukwa cha pepala la masamu? Akatswiri ambiri ankatinso makompyuta a nthawiyo sangakwanitse kulumikiza matebulo mwachangu, ndipo pa zaka zimenezo sankanama kwenikweni. Codd sadakhale chete. Ankapita kwa makasitomala a IBM omwe n'kuwafotokozera zomwe akumanidwa, iwo n'kutembenukira kampaniyo kuifunsa kuti chinthuchi chibwera liti. Mabwana sadakondwere naye.

Mu 1973 Bachman adalandira mphoto ya Turing, yomwe ndi yapamwamba kwambiri pa sayansi ya makompyuta, chifukwa cha database zake za ukonde. Chaka chotsatira, mu 1974, awiriwa adakumana pa mtsutso wa poyera ku Ann Arbor, aliyense ndi omutsatira. Palibe yemwe adagonja tsikulo, koma achinyamata ambiri omwe adali m'chipindamo adayamba kupendekera kwa Codd.

IBM idayambitsa ntchito yoyesera yotchedwa System R ku San Jose komweko, koma utsogoleri wake sudapatsidwe kwa Codd. Anyamata awiri, Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce, adapanga chilankhulo chofunsira mafunso chotchedwa SEQUEL, chomwe pambuyo pake chidafupikitsidwa kukhala SQL chifukwa dzina loyambalo lidali kale la kampani ina ya ndege ya ku Britain. Boyce adamwalira mwadzidzidzi mu 1974 ali mnyamata, asadaone komwe ntchito yake idzafike. M'gulu lomwelo mudali Patricia Selinger, mayi yemwe mu 1979 adaonetsa mmene kompyuta ingasankhire yokha njira yachidule yopezera yankho, ndipo apa mpomwe chonamizira choti matebulo ngochedwa chidayamba kugwa. Mudalinso Jim Gray, yemwe adakonza malamulo oti ntchito ichitike yonse kapena isachitike konse.

Lamulo la Gray limeneli mumalidalira tsiku lililonse. Mukatumiza K20,000 kwa mayi kumudzi pa Airtel Money kapena Mpamba, pali zinthu ziwiri zoti zichitike: ichoke kwa inu, ifike kwa iwo. Magetsi akathima pakati, ziwirizi ziyenera kubwerera pomwe zidali. Sipayenera kukhala mphindi yomwe ndalama yachoka koma sidafike, kapena yafika koma sidachoke. Paja amati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Pa nkhani ya ndalama, database yabwino siilola kuti kanthu katsale pachala.

IBM ikuzengereza, ena adawerenga mapepala ake. Ku yunivesite ya Berkeley, Michael Stonebraker ndi Eugene Wong adamanga Ingres, kholo la PostgreSQL ya lero. Mnyamata wina wamalonda, Larry Ellison, adatulutsa Oracle mu 1979, kutsogolera eni nzeru pamsika. IBM idabwera pambuyo ndi SQL/DS mu 1981 ndi DB2 mu 1983. Ellison adasanduka mmodzi mwa anthu olemera kwambiri padziko lonse. Codd adatsala wapamalipiro, ngakhale ulemu adaupeza: IBM idamupatsa udindo wake wapamwamba wa akatswiri mu 1976, ndipo mu 1981 naye adalandira mphoto ya Turing.

Nkhalamba yosanyengerera

Chipambano sichidamufewetse. Pomwe mawu oti relational adayamba kugulitsa malonda, kampani iliyonse idayamba kumata dzinalo pa katundu wake wakale, ngati wavenda yemwe waika fodya wabwino pamwamba pa belo, zinyalala m'kati. Mu 1985 Codd adasindikiza malamulo ake otchuka m'nyuzipepala ya Computerworld, omwe amatchedwa 12 ngakhale alipo 13 chifukwa adayamba kuwerenga pa ziro. Adali sikelo yoyezera kuti database ndi ya relational zoona kapena ayi. Palibe katundu wa pamsika yemwe adakhoza onse, ngakhale wa IBM. SQL yomwe, mwana wobadwa ku nzeru zake, ankaidzudzula poyera, makamaka chifukwa imalola kuti mzere umodzi ulembedwe kawiri m'tebulo. Taganizirani belo limodzi kuoneka kawiri pa pepala la malonda, muona chifukwa chomwe nkhaniyi inkamuwawira.

Atavulala kwambiri pa ngozi yakugwa mu 1983, adachoka ku IBM n'kuyambitsa kampani yopereka uphungu pamodzi ndi mnzake Chris Date komanso Sharon Weinberg, yemwe pambuyo pake adakhala mkazi wake. Mu 1990 adatulutsa buku lofutukula nzeru zake, ndipo mu 1993 adabweretsa dzina loti OLAP pa luso losanthula zolembedwa zambiri pofuna kupanga ziganizo. Adamwalira ndi matenda a mtima pa 18 Epulo 2003 kunyumba kwake ku Williams Island m'chigawo cha Florida, ali ndi zaka 79.

Zomwe zidadza iye atapita

Codd ankaganizira za banki kapena kampani yokhala ndi kompyuta imodzi yaikulu. Intaneti idabweretsa mavuto ena. Google inkafuna kusunga masamba a intaneti yonse, Amazon inkafuna kuti sitolo yake isatseke ngakhale kwa mphindi imodzi. Zinthu zotere zimagawidwa pa makompyuta zikwizikwi m'maiko osiyanasiyana, ndipo kulumikiza matebulo omwazikana chonchi n'kolemetsa. Mu 2000 katswiri wina, Eric Brewer, adaunikira mfundo yomwe aliyense wokhala kumudzi angaimve msanga: netiweki ikaduka pakati pa makompyuta awiri, muyenera kusankha. Mwina muime mpaka ibwere kuti zolembedwa zisasemphane, kapena mupitirize ntchito n'kudzayanjanitsa pambuyo.

Google idalongosola Bigtable yake mu 2006, Amazon idalongosola Dynamo mu 2007. A Amazon adasankha kupitiriza ntchito: dengu lanu logulira lilandire katundu nthawi zonse, ngakhale nthawi zina chinthu chomwe mudachotsamo chibwereremo. Kwa iwo kulakwitsa kotere n'kochepa poyerekeza ndi kutaya kasitomala. Facebook idatulutsa Cassandra mu 2008, MongoDB ndi Redis zidadza mu 2009, ndipo chaka chomwecho dzina loti NoSQL lidafala.

M'banja la NoSQL muli ana osiyana. Redis ili ngati malo osungitsa katundu pa depoti: upereka nambala, akupatsa chikwama chako msanga, osafunsa zam'kati. MongoDB ndi CouchDB zimasunga zikalata, chilichonse ngati envulopu yokhala ndi zonse za munthu mmodzi, ndipo maenvulopu sakakamizidwa kufanana. Cassandra imameza zolembedwa zobwera ngati mvula, monga za makina oyeza nyengo omwe amatumiza manambala mphindi iliyonse. Neo4j imasunga maubale, uyu adziwana ndi uyu, ndipo atolankhani omwe adafukula nkhani ya Panama Papers mu 2016 adaigwiritsa ntchito polondola eni makampani obisika. Mukayang'anitsitsa muona kuti envulopu ija ndi mtengo wa IMS wabweranso, ndipo Neo4j ndi mdzukulu wa ukonde wa Bachman. Omwe adaoneka ngati agonja mu 1974 sadafe.

Chitsanzo chabwino chili pafupi. Mu 2008, pa chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, wophunzira wina wa ku America, Josh Nesbit, adayamba kulumikiza anthu odzipereka a zaumoyo m'midzi ndi chipatala kudzera pa mauthenga a SMS. Ntchitoyi idakula n'kukhala bungwe la Medic, lomwe pulogalamu yake ikugwiritsidwa ntchito m'maiko angapo a mu Africa ndi Asia. Pulogalamuyi idamangidwa pa CouchDB, chifukwa wazaumoyo ali kumudzi kopanda netiweki ayenera kulemba za wodwala pompo, foni n'kudzatumiza yokha ikapeza netiweki. Koma akafuna malipoti, zolembedwa zomwezo amazikopera mu PostgreSQL, m'matebulo a Codd. Nayo DHIS2, yomwe unduna wa zaumoyo umasonkhanitsira ziwerengero za zipatala m'dziko muno, imakhala pa PostgreSQL. Mwaonatu, ntchito imodzi, zida ziwiri.

Ndiye iti?

Yerekezani kuti mwapatsidwa ntchito yopangira pulogalamu kampani ya fodya kapena kopaletivi ya soya ku Kasungu. Mlangizi akuyenda pa njinga yamoto m'minda ya kwa Kaluluma kapena kwa Chulu. Pa munda uwu wajambula masamba odwala, pa winawo walemba za chigafa chogwa, pa wachitatu wayeza mitengo yomwe mlimi wabzala. Ulendo uliwonse ngwosiyana, netiweki imabwera n'kuthawa, ndipo chithunzi chikafika ku ofesi mawa m'malo mwa lero palibe yemwe wafa. Apa database ya zikalata ikukwanira bwino.

Koma zikafika pa laisensi ya mlimi, mlingo wa fodya yemwe bungwe la Tobacco Commission lamuloleza, kulemera kwa belo, ngongole ndi malipiro, nkhani yasintha. Apa mukufuna kiyi imodzi pa mlimi mmodzi, mfundo iliyonse pamalo amodzi, ndi chitsimikizo choti kudula ngongole ndi kulipira zichitika pamodzi. Kuyanjanitsa pambuyo komwe n'kovomerezeka pa dengu la Amazon kukhoza kutanthauza mwana wosapita ku sukulu teremu yonse.

Samalaninso ndi chikoka cha zatsopano. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri amathamangira NoSQL chifukwa adamva kuti ndi yomwe imanyamula anthu mabiliyoni, pomwe pulogalamu yawo ili ndi alimi 3,000 omwe PostgreSQL kapena MySQL pa kompyuta imodzi ingawasenze osamva kulemera. Ufulu woti envulopu iliyonse ikhale ndi zakezake umakoma mwezi woyamba. Pakatha chaka mupeza mudzi umodzi walembedwa m'njira zisanu, ndipo malamulo omwe database ikadakusungirani mukuwalemba nokha pamanja. Ngakhale akuluakulu aja adabwerera. Google idalongosola Spanner mu 2012, database yomwazikana padziko lonse koma ya matebulo. MongoDB idaonjezera lamulo la zonse kapena ayi pa zikalata zingapo mu 2018. PostgreSQL nayo idaphunzira kusunga zikalata za JSON kuyambira 2012. Mpanda wa pakati pa mabanja awiriwa ukunka nugwa.

Pali mbali ina yomwe Codd sadaikhudze kwambiri koma ife ikutikhudza. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau lidalemba Amalawi oposa 9 miliyoni n'kuwapatsa ziphaso za unzika. Nambala ya pa chiphasocho ndi kiyi yeniyeni ya Codd: ndi yomwe mudalembetsera simu khadi, kuvota, kutsekula akaunti ndi kugula fetereza wa AIP. Kiyi imodzi imathandiza kuchotsa maina a mizukwa m'kaundula. Koma kiyi yomweyo imapangitsa kuti yemwe ali ndi matebulo onse athe kuwalumikiza n'kudziwa za moyo wanu kuposa mmene achibale anu amadziwira. N'chifukwa chake lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024 likufunika kuti achinyamata aliwerenge ndi kufunsa kuti likutsatidwa motani.

Kwa inu omwe mukuphunzira kulemba mapulogalamu, musadatsegule laputopu khalani pansi ndi mlembi wa kalabu muone kope lake. Mufunseni chomwe chimayambitsa mikangano nthawi yogawana ndalama. Dziwani kuti ndi mfundo ziti zomwe zikalakwika munthu agona ndi njala, ndi ziti zomwe zingadikire netiweki ya mawa. Zoyambazo ziikeni m'matebulo okhala ndi kiyi, zinazo zipatseni malo omasuka. Kwa inu omwe makolo anu ali pa mzere ku Chinkhoma chaka chino, athandizeni kuwerenga pepala la malonda mzere ndi mzere: nambala yawo ndi yomweyo pa belo lililonse, palibe belo losowa kapena lobwerezedwa, ndipo ngongole yadulidwa kamodzi. Kumeneko n'kuyeza kaundula ndi sikelo yomwe Codd adatisiyira.